Utsi Pansi pa Zenera

Atatuluka m'bafa thaulo lili paphewa, a Chiwongolero anapeza munthu wachilendo atagwada kumbuyo kwa galimoto yawo, akujambula ekizozi ndi foni. Munthuyo anavala malaya oyera, ndipo pansi pa bondo anali atayalapo nyuzipepala kuti buluku lisade. Pambali pake panaima mkamwini wawo, manja ali m'thumba.

"Tikuthandizeni, bambo?" anafunsa a Chiwongolero.

Mlendoyo anadzambatuka n'kubisa foni kumbuyo ngati mwana amene wapezeka ndi shuga m'manja.

"Ndi mnzanga ameneyu, bambo," mkamwini anayankha mofulumira. "Amakonda magalimoto akale. Amangoona chabe."

"Amangoona? Anthu oona galimoto amayambira kumaso. Nanga uyu bwanji wayambira kumatako?"

Mlendoyo anaseka kuseka kosafika m'maso, anapereka moni mochedwa, kenako anatsanzika. Mkamwini anamuperekeza mpaka kunja kwa geti, ndipo kumeneko anaima nthawi yaitali akulankhulana motsitsa mawu. A Chiwongolero anayendera galimoto yawo mbali zonse, akugwira chitseko chilichonse ngati kuti mwina china chachoka.

Dzina loti Chiwongolero analitenga ali mnyamata, pamene ankayendetsa malole a kampani. Atapuma pa ntchito anagula kalole kameneka, kakale kale, ndipo ndi kamene kankawadyetsa. Ankanyamulira anthu matilesi, matumba a simenti, mipando ya osamuka, nthawi zina ngakhale bokosi la maliro. Utoto wake unali utasuluka moti anthu ankatsutsana ngati poyamba kanali kobiriwira kapena kotuwa. Akazi awo ankakatchula kuti "mkazi mnzanga", chifukwa m'mawa uliwonse kankalandira moni iwo asanalandire.

Pakhomopo panali nyumba ziwiri. Yaikulu ankagonamo a Chiwongolero ndi akazi awo. Yaing'ono ya kuseri ankakhalamo mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, pamodzi ndi mwamuna wake wogwira ntchito mu ofesi, ndi kamwana kawo kakakazi kolongolola kamene aliyense ankakatchula kuti Katsabola. Galimoto inkagona pakampata ka pakati pa nyumba ziwirizo. Inkalowa chobwerera, motero ekizozi inkaloza pazenera la chipinda cha Katsabola. M'mawa injini sinkafuna kuthamangitsidwa. Inkayamba yatsokomola, n'kulavula utsi wakuda bii, ndipo a Chiwongolero ankaisiya ikulira mpaka utsiwo uyere.

Tsiku limenelo anagwira ntchito mtima uli kwina. Madzulo, banja lonse litakhala pa tebulo, anadikira kuti aliyense asambe m'manja.

"Akamwini, mnzanu uja wazikonda zimene wajambula?"

Mkamwini anayang'ana mkazi wake, mkaziyo anayang'ana m'mbale.

"Bambo, ndisakubisireni. Munthu uja amachokera ku kampani ina yogulitsa magalimoto. Ali ndi ndondomeko yabwino. Mukawapatsa galimoto yakale yofuka utsi, iwo amakaiphwanya, inu n'kukupatsani yatsopano yoyendera magetsi pa mtengo wotsika. Zotsalazo ine ndi mayi a mwanayu tikhoza kuthandizapo pang'onopang'ono. Ilipo ina yokhala ndi malo a katundu kumbuyo, ngati yanuyi. Ilibe utsi ngakhale pang'ono."

"Ndiye munaona kuti mwini wake auzidwe pomaliza."

"Timafuna tidziwe kaye ngati angailandire."

"Timafuna? Inu ndi ndani?"

Katsabola anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Agogo, galimoto yamagetsi imathima magetsi akazima?"

"Funsa bambo ako, ndiwo akudziwa za mawa."

Mkamwini anapukuta pakamwa. Anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga. "Bambo, nkhani si ya ife tokha. Mpweya wawonongeka. Mukaima pamsewu waukulu m'mawa, maso amachita kuwawa. Nyengo nayo mukuiona mmene yasokonekera. Magalimoto a dizilo akale ngati awa ndi amene akuwonjezera vutoli. Tsiku lililonse ikayenda ikuthira poizoni m'mwamba."

"Chabwino. Nanga yatsopanoyo imamera m'munda? Chitsulo chake sachikumba? Mabatire ake aja, si ndimamva pa wailesi kuti amagumula mapiri kuti apeze miyala yake? Aisungunule, aipente, aikweze sitima kuwoloka nyanja, zonsezo popanda utsi? Yangayi anaipanga kale. Tchimo lake lobadwa nalo linakhululukidwa inu musanamere mano. Mukufuna ndiphe yamoyo kuti akakumbe dzenje lina."

"Zoona, kupanga yatsopano kumawononga. Koma kumawononga kamodzi. Yanuyi ikuwononga mawa, mkuja, mpaka kalekale. Pakapita zaka, yatsopano imabweza ngongole yakeyo."

"Chikomekome cha mkuyu, akamwini, m'kati muli nyerere. Magetsi ake omwewo, mukudziwa kumene amawapangira? Mwaonako kuti kulibe chofuka?"

Namwino anaika supuni pansi. "Ababa, ine za mapiri ndi sitima sindikuzidziwa. Ndikudziwa chifuwa cha mwana uyu. Mphumu yake ikukula. Kampope ka mankhwala sikachokanso m'chikwama chake cha kusukulu. M'mawa mukaliza galimoto, ine ndimatseka zenera ndi nsanza, koma utsi umalowabe."

"Mphumu ndi ya kumtundu. Azakhali ako anali nayo, galimoto sanaikwerepo."

"Ya kumtundu, inde. Koma pali zimene zimaidzutsa."

A Chiwongolero anaimirira chakudya chisanathe. Chimene chinawakhala pamtima si mawu a mwana wawo ayi, koma mmene mkamwini anatchulira mtengo wotsika, mosalala ngati munthu amene wayeserera pagalasi. Munthu salankhula chonchi za malonda a eni ake popanda chake.

M'mawa mwake anapita ku galaja kwa Sipanala, makaniko amene ankaidziwa galimotoyo kuposa mmene ankawadziwira ana ake. Anamupeza atagona pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka.

"Akufuna kundilanda mayi wachikulireyu," anatero a Chiwongolero atafotokoza zonse.

Sipanala anatuluka chokwawa, akupukuta manja pa ovolosi. "Aja a malaya oyera? Madala, musayerekeze. Amati amaphwanya, koma ndani anaonapo manda ake? Ine ndimamva kuti amangozitsuka n'kukazigulitsa kutali. Ndipo aliyense wowabweretsera galimoto amamupatsa kangachepe. Mkamwini wanuyo mumuyang'ane bwino m'thumba."

"Wazionapo ndi maso ako?"

"Kuona ayi. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Ndiye taganizani, galimoto yopanda oyilo, yopanda mapulagi, yopanda ekizozi. Imeneyo ndi galimoto kapena ayironi?"

A Chiwongolero anaseka, koma akutuluka pa galajapo anayamba kumukayikiranso Sipanala yemweyo. Galimoto yosafuna oyilo ndi galimoto yosafuna Sipanala. Mwezi sunkatha iwo osamusiyirako kanthu, ndipo za utsiwo anali atamudandaulira kangapo, iye n'kumangoti injini yakale ndi mmene imapumira. Kodi analephera kukonza, kapena ankasunga ng'ombe yake ya mkaka? Aliyense amene ankawalangiza anali ndi mphika wake pamoto.

"Kandimverere adakanena za m'maluwa," anadziuza okha, n'kukhotetsa galimoto kulowera kumene kunali bwalo la kampaniyo.

Anaimika patali, kuseri kwa sitolo ya matayala, n'kuyenda wapansi. Bwalolo linali lalikulu, lozunguliridwa ndi malata. Kutsogolo kunali chinyumba cha magalasi, m'kati mwake magalimoto atsopano akunyezimira, ndi chithunzi chachikulu cha mwana akuthamanga pa udzu wobiriwira. Iwo sanalowe m'menemo. Anazungulira kuseri, kumene geti linali lotsegula chifukwa lole inali kutuluka.

Kuphwanya ankaphwanyadi. Chimakina chinali kufinya galimoto ina yadzimbiri mpaka inasanduka ngati mtolo, magalasi akuthetheka. Pansi ponse panali oyilo wakuda, akuyenderera kulowa mu ngalande. A Chiwongolero anaima kaye, mtima utawawa ngati akuona nyama ikuphedwa. Kenako anaona mzere wina kumpanda. Magalimoto akale omwewo, koma otsukidwa bwino, matayala atapakidwa polishi, pagalasi lililonse atalembapo ndi choko. Pakati pawo panali minibasi imene anaizindikira msanga. Inali ya munthu wina wa pa siteji imene iwo ankadikirirapo ntchito, yobenduka chitseko cha kumanzere, imene inkafuka kuposa yawo. Mwini wake anali atawauza monyadira kuti anaipereka kuti ikaphwanyidwe. Tsopano bambo wina wa chipewa anali kuimenya matayala ndi nsapato, akufunsa mtengo.

Mayi wina wa ovolosi anali kukolopa pafupi ndi mpope. A Chiwongolero anamuyandikira ngati wogula.

"Izi nazonso zikudikira chimakina chija?"

"Izi? Ayi, bambo. Chimakina chimadya zakufa. Zimene zikupumabe timazipezera eni ena. Zimapita kutali, kumene sayang'ana za utsi. Mukufuna iti? Mufulumire, sizigona."

Potembenuka anaona bambo wa malaya oyera uja akutuluka mu ofesi, foni ili kukhutu. Maso awo anakumana. Bamboyo anakweza dzanja mwa moni, kenako analitsitsa pang'onopang'ono.

A Chiwongolero anafika kunyumba dzuwa likadalipo, ngati munthu amene wagwira mbala. Anapeza mkamwini atangofika, akumasula tayi pakhonde. Namwino anali kuanula yunifolomu pa chingwe, ndipo akazi awo anali kusoka batani pampando.

"Akamwini, khalani pansi. Ndakaona manda a magalimoto anu aja. Akufa ake akuyenda."

Anafotokoza zonse, za mzere wa kumpanda, za choko, za minibasi yobenduka chitseko. Sanasiye ngakhale oyilo wa mu ngalande.

"Ndiye tandiuzani. Galimoto yanga ikachoka pano, ikafukabe kwina. Kuwonjezera apo apanga ina yatsopano. M'malo mwa imodzi zikhala ziwiri. Chilengedwe chanucho chapindula chiyani? Kapena wopindula ndi wina? Gawo lanu ndi lotani pa malonda amenewa?"

"Ababa!" namwino anakuwa.

"Musiye ayankhe. Munthu uja akuti ndi mnzake."

Mkamwini anapinda tayi imene inali m'manja. Nkhope yake inagwa, koma sanakweze mawu. "Sindinalandire kanthu, bambo, ndipo sanandilonjeze kanthu. Munthu uja si mnzanga. Ndinanama chifukwa ndinachita mantha mutatipeza."

"Nanga anakudziwani bwanji?"

"Ndinamuitana ndine."

Mawuwo sanachokere kwa mkamwini. Anachokera pampando. Akazi awo anali atasiya kusoka, singano ili m'mwamba.

"Ndine ndinatenga nambala pa chikwangwani, n'kuwapatsa akamwiniwa kuti ayimbe. Iwo ankakana, ankati mudzawaganizira zoipa. Ndipo si izi mwawaganizira."

"Inu, mayi?"

"Ine amene. Ndani amapukuta mwaye pazenera lija? Ndani amachapanso zovala zikada pachingwe? Mwana akabanika, inu mumakhala mutapita kale ku siteji. Amene amamugwira msana ndine. Ndinakuuzani chaka chatha, munati ndikuchitira nsanje chitsulo."

A Chiwongolero anatembenukiranso kwa mkamwini, poti kumeneko n'kumene mkwiyo wawo unali utakonzekera.

"Koma zoti saphwanya zonse, munkadziwa?"

Mkamwini anazengereza. "Ndinamvapo mphekesera. Sindinafune kufunsa."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndinaganiza kuti ngakhale ipite kutali, bola yachoka pazenera la mwana wanga."

"Kutaliko kulibe mazenera? Kulibe ana?"

Mkamwini anaweramitsa mutu. Amene anayankha ndi namwino, yunifolomu ataikumbatira pachifuwa.

"Aliko, ababa. Koma ine ndinabereka uyu."

Mwakanthawi panamveka phokoso la ana akusewera mpira kunja kwa mpanda. Katsabola anali pomwepo, atakhala pa geti, akuonerera anzake osathamanga nawo.

"Galimoto sindiwapatsa anthu amene aja," anatero a Chiwongolero pomaliza, mawu atatsika. "Akandinamiza ine, akanamizanso wina. Ndiiyendetsa mpaka idzafe yokha, ndipo ikadzafa ndidzaima pomwepo akuidula. Koma pakampatapa ndiichotsa. Izikagona ku galaja. Injini ndikaitsegulitsa kwa makaniko wina, osati Sipanala."

"Tinakupemphani zimenezo kalekale," anatero namwino. "Munati akuba adzaba batire."

"Ndiye lero ndavomera."

"Mwachedwa, ababa. Tapeza nyumba kufupi ndi chipatala, kuphiri kuja, kutali ndi msewu waukulu. Tinagwirizana kuti mukakana za kampanizi, tisamuka mwezi ukatha. Si galimoto yanu yokha. Msewu wonsewu ukumupweteka."

A Chiwongolero anawayang'ana onse atatu mmodzimmodzi. Anaona ngati ndi msampha wina, woti awaopseze mpaka agonje. Anaseka pang'ono. "Samukani. Tione ngati kuphiriko mpweya amagawa ulere."

Masiku otsatira anakhala akudikira kuti wina abwere kudzanena kuti zinali zongowayesa. Galimoto anayambadi kuigoneka ku galaja, ndipo m'mawa ankayenda wapansi kukaitenga, akudandaula za mawondo. Makaniko watsopano anasintha zina m'kati mwa injini, utsi unachepa koma sunathe. Ankati akabwera madzulo, ankasuzumira kunyumba ya kuseri. Tsiku lina anaona makatoni. Tsiku lina makatani atachotsedwa. Anafunsa akazi awo ngati makatoniwo analidi ndi katundu m'kati, iwo anangopitiriza ntchito yawo.

Loweruka la kusamuka, mkamwini anabwera pakhomo la nyumba yaikulu atavala malaya akale.

"Bambo, ndimati ndikafune lole ku siteji."

"Mukafune lole, ine ndafa? Anthu adzati chiyani?"

Anakatenga galimoto, n'kuiimika kunja kwa geti. Ananyamula limodzi bedi, kabati, firiji ndi makatoni, amene analidi olemera. A Chiwongolero anamanga zingwe okha, akukoka mfundo iliyonse kawiri. Atamaliza, Katsabola anathamangira kuchitseko cha kutsogolo ndi chidole chake.

"Ine ndikwera ndi agogo!"

"Iwe ukwera takisi ndi ine ndi agogo aakazi," anatero mayi ake, akumugwira dzanja.

"Koma ine ndimakhala pakati, ndimagwira giya!"

"Mvera amayi ako," anatero a Chiwongolero, akuyang'ana zingwe zimene anali atamanga kale. "Lero giya agwira bambo ako."

Takisi inatsogola. Amuna awiriwo anatsatira pambuyo, katundu akugwedera. Njira yonse sanalankhulane, kupatula pamene mkamwini ankanena kuti apa kumanja, apa kumanzere. Atasiya msewu waukulu anayamba kukwera. Injini inabuula, ndipo pagalasi la m'mbali a Chiwongolero ankaona utsi ukutsalira m'mbuyo, ukulowa m'mipanda ya anthu. Mayi wina amene anali ndi mwana kumsana anatembenuka n'kuphimba mphuno ndi nsalu. Mayi ngati ameneyo anali atawadutsapo ambiri pa moyo wawo, koma sankawayang'ana.

Pamwamba msewu unakhala wathyathyathya, wa mitengo mbali zonse.

"Ndi geti lofiira ilo, bambo, pamene paima takisipo."

A Chiwongolero anaponda buleki pomwepo, padakali nyumba zingapo kuti afike, n'kuzimitsa injini.

"Yawonongeka?" anafunsa mkamwini.

"Sinawonongeke. Tsikani mukankhe."

Mkamwini anawayang'ana, kenako anayang'ana kugeti kumene Katsabola anali kudumphadumpha akuwakodola. Anatsika, anapinda manja a malaya, n'kupita kumbuyo. A Chiwongolero nawo anatsika, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitseko.

Galimoto inali yolemera ndi katundu. Poyamba inakana, kenako matayala anayamba kugudubuzika pang'onopang'ono pamiyala. Anthu a m'nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona alendo osamukira ndi galimoto yakufa.

"Akamwini!" anaitana a Chiwongolero akupuma mwawefuwefu. "Mukukankhadi kumeneko, kapena mwangogwira?"

"Ndikukankha, bambo!"

"Ndikutembenuka ndione."

"Tembenukani, koma tigunda mtengo."

Sanatembenuke. Anafika pageti thukuta lili kamukamu, ndipo mwanayo anathamanga kudzawakumbatira miyendo. Anatsitsa katundu yense mpaka dzuwa linapendeka. Namwino anawapatsa madzi m'kapu, n'kuwauza kuti azibwera Lamlungu lililonse.

"Ndizibwera pa basi," anayankha.

Pobwerera anakwera ndi akazi awo. Anamasula buleki, galimoto inatsetsereka yokha mwakachetechete mpaka kumunsi kwa phiri, ndipo kumeneko m'pamene analiza injini. Atafika kwawo anatsitsa mayiwo pageti, iwo n'kupitirira kukaigoneka ku galaja, ngakhale kuti kuchipinda cha kuseri kunalibenso wogonako.